Masekondi Khumi ndi Awiri a Palomita

Ndinkasankha mphodza pa tebulo la kukhitchini, imodziimodzi, ngati ndikufunafuna ndolo yotayika. Mphodza za m'paketi sizikhala ndi miyala, koma amayi amati zisankhidwe basi. Ine ntchito imeneyi ndimaikonda, chifukwa ukawerama pa mbale palibe amene amakufunsa kanthu. Tsiku limenelo ndinkachedwa dala. Aphunzitsi anga a masewera, a Graciela, anali atakhala tsidya lina la tebulo ndi mulu wa mapepala, ndipo nkhani imene anabwera nayo inali yokhudza ine.

Ndinayamba kuvina pa nsapato zamatayala ndili ndi zaka zisanu, ku kalabu ya m'dera lathu kuno ku Rosario. Panthawi imene ndikunenayi ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kunali kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti tikapikisane ndi makalabu a m'chigawo chonse.

"Zasintha, Silvina," anatero a Graciela kwa amayi, akugogoda mapepala aja ndi chala. "Kale oweruza ankaonera gule yense, akatha n'kupereka malikisi mmene waonekera. Zimenezo zatha. Pano chilichonse chili ndi mapointi ake. Kudumpha kwakuti, mapointi akuti. Kuzungulira kwakuti, mapointi akuti. Ndiye ukadumpha theka la nyimbo litadutsa, amakuwonjezera kenakake pamwamba, poti miyendo imakhala itatopa."

Amalume a Cacho, alongo awo a amayi, anali atatsamira furiji ndi chikho cha tiyi wowawa wa kwathu kuno, wotchedwa mate, m'manja. Iwowa amayendetsa basi, koma ndi amenenso amatidulira nyimbo pa kompyuta.

"Ndiye kuti kutopa kwayamba kupindulitsa?" anafunsa. "Akanandiuza kale bwenzi ndili katswiri wa dziko lonse. Ine ndimatopa ndisanadzuke n'komwe."

"Inu ukatswiri wanu ndi wa pa mbale," anatero a Graciela. "Bweretsani chikhocho kuno, mwachikumbatira ngati mwana wanu."

A Graciela anayamwa tiyiyo pa kapaipi kake, kenaka anafotokoza zimene anaganiza. Gule wanga anali wa tango, wa mphindi zinayi. Kudumpha kwanga kovuta, kutatu konse, ankafuna akusamutsire ku theka lachiwiri. Koma kumeneko kunalibe malo, pokhapokha atachotsa palomita.

Palomita ndi chinthu choyamba chimene kamwana kamaphunzira kakangosiya kugwira khoma. Umaima ndi mwendo umodzi, winawo n'kuukwezera kumbuyo, manja n'kuwatambasula ngati mapiko a nkhunda, n'kumangopita. Mu gule wanga, theka likangodutsa nyimbo inkafatsa, zoimbira zonse zinkakhala chete n'kutsala bandoneoni yokha, choimbira chokoka ndi manja ngati akodiyoni. Pamenepo ndinkakweza mwendo wamanja, n'kudutsa bwalo lonse, kuchokera pansi pa golo ya basiketibo mpaka pa chitseko cha kantini. Masekondi khumi ndi awiri.

"Masekondi khumi ndi awiri, mapointi ziro," anatero a Graciela. "Ndawerenga mapepala onsewa kawiri, mulibemo. Ndi wokongola, sindikukana, ndinamuikamo ndine ndemwe. Koma kukongola siadaike pa mndandanda. Ukugwirizana nazo eti, Cande?"

Ndinapeza mphodza ina yophwanyika n'kuyamba kuiyang'anitsitsa.

"Wavomera," anatero amalume. "Akakhala chete ndiye kuti wavomera. Akakana amakhalanso chete, koma khutu lakumanzere limafiira."

Amayi anandiyang'ana makutu. Onse awiri anali atafiira, ndiye sizinawathandize.

Sabata imeneyo kalabu yonse inasanduka kalasi ya masamu. Lamulo latsopano linkati ukamazungulira ngati nguli uzizungulira katatu kathunthu usanasinthe kaimidwe, apo ayi sakuwerengera. Ndiye azimayi amene amakhala pa mabenchi kusoka mikanda pa madiresi a ana awo anayamba kuwerenga mokweza. Mwana akangoyamba kuzungulira, benchi yonse inkayamba: "Kamodzi! Kawiri! Kata... aaa, sanamalize!" Ngakhale anyamata a basiketibo, amene amadikira kuti tituluke alowe iwo, ankawerenga nawo, koma iwo ankawerenga molakwitsa dala.

Amalume anapatsidwa ntchito yoika chizindikiro pakati penipeni pa nyimbo, kuti ndizidziwa kuti theka lakwana. Tsiku loyamba anaikapo hutala ya basi. Ndinadzidzimuka mpaka kukagwira khoma, azimayi aja anaseka mpaka mikanda inamwazika, ndipo a Graciela anawathamangitsa amalume ndi nsanza yopukutira matayala. Mawa lake anabwera ndi kabelu kakang'ono kaulemu.

Gule watsopano anali chonchi. Theka loyamba ndinkangoyenda masitepe a tango ndi kudumpha kosavuta. Kabelu kakalira, nkhondo inkayamba: kudumpha, kuthamanga, kudumpha, kuzungulira, kuthamanganso, kudumpha. Bandoneoni ija inkalirabe pang'onopang'ono monga kale, koma ine pansi pake ndinkapalasa ngati munthu wochedwa basi. Kudumpha koyamba ndinkatera bwino. Kwachiwiri ndinkagwedezeka. Kwachitatu, kumene ndimazungulira kawiri m'mwamba, kumene ndinakhala ndikutera bwinobwino kwa zaka ziwiri, ndinayamba kugwa.

Aliyense anali ndi chifukwa chake. A Graciela anati mpweya wandichepera, ndiye anandilamula kuti ndizithamanga kuzungulira paki ndisanapite kusukulu. Amayi anati ndikudya ngati mbalame, n'kuyamba kundiwonjezera nyama. Mayi wina wa pa benchi anati matayala anga atha, n'kundibwereka a mwana wake. Amalume anati ndi thukuta la anyamata a basiketibo, ndipo tsiku lina anabweradi ndi mopu n'kukolopa bwalo lonse akuimba, ife tikudikira kuti liume.

Ine chifukwa chenicheni ndinkachidziwa. Sindinachiwerenge paliponse, chinali m'miyendo mwangamu. Mu palomita ndinkapuma kanayi, mpweya wautali wofika pansi pa mimba. Ndinkaimira mwendo wamanzere, ndiye wamanja, umene ndimaterera ndikadumpha, unkasiya kukankha kwa kanthawi. Mtima unkatsika kuchoka m'khosi n'kubwerera pamalo pake. Anthu oonera ankaona nkhunda, ine ndinkakhala ndikutunga mphamvu zotsirizira gule.

Zonsezi ndinazilemba kumapeto kwa kope langa la jogalafe, mizere isanu ndi iwiri yomveka bwino. Ndinkaziloweza m'basi popita ku kalabu. Koma a Graciela akangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Pali vuto, mwanawe?" mizere yonse ija inkathawa, n'kutsala "Ayi, Aphunzitsi." Si kuti ndi munthu woopsa. Anandimangira zingwe za nsapato ndili kamwana, ndipo m'chikwama mwawo simusowa masiwiti. Kungoti amalankhula mwachangu, ndipo ine ndikamati ndikonze mawu m'kamwa, iwo amakhala atafika kale pa nkhani yachitatu.

Kutatsala sabata imodzi, Loweruka masana, tinachita mayeso. Ndinavala diresi lenileni, lakuda la mikanda yofiira, tsitsi litamangidwa mpaka nkhope kukokeka. A Graciela anakhala pa katebulo ndi pepala ndi cholembera ngati woweruza weniweni, amalume pambali pawo ndi kompyuta ndi sipika. Pa mabenchi panadzaza, chifukwa ku kantini anali atakazinga empanada, timakeke toika nyama kapena tchizi m'kati.

Theka loyamba linayenda ngati madzi. Kabelu kanalira. Ndinadumpha, ndinatera. Ndinadumphanso, ndinatera koma mwendo unanjenjemera. Ndinazungulira, benchi inawerenga, katatu kanakwana, anthu anaomba m'manja. Pamene ndinkathamangira kudumpha komaliza ndinadziwiratu kuti sizitheka. Mwendo wamanja unali ngati wobwereka. Ndinanyamuka, ndinazungulira kamodzi ndi theka, n'kutera ndi matako. Diresi lija ndi loterera, ndiye sindinaime pomwepo. Ndinatsetsereka chokhala, manja ali m'mwamba, mpaka kukafika pa chitseko cha kantini.

"Palomita wabwerera!" anakuwa amalume. "Kungoti lero wakwera basi, wapeza mpando!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Inenso ndinaseka, chifukwa sindinapweteke, ndipo amayi a m'kantini anasuzumira n'kundifunsa ngati ndikufuna ya nyama kapena ya tchizi.

A Graciela sanaseke kwambiri. Anandikodola kuti ndibwere pa katebulo, akutafuna cholembera.

"Ndaliona vuto," anatero. "Ndi nyimbo. Ikafika pofatsa paja imamugonetsa mwanayu. Thupi lake linazolowera kuti pamenepo m'pochita ulesi. Cacho, dulani mbali yonse ya bandoneoniyo, muikepo yothamanga ya koyambirira ija. Asamve n'komwe kuti panali pofatsa."

"Yonse?" anafunsa amalume.

"Yonse. Kuyambira pa kabelu."

Amalume anakoka kompyuta. Ndinali nditaima kumbuyo kwawo, ndikupumabe mwamphamvu, ndipo ndinkaona nyimbo yanga pa galasi ngati mzere wa timapiri. Pakati pake panali chigwa, pamene timapiri timachepa. Anachikuta chonse ndi mtundu wabuluu. Chala chawo chinapita pa batani lofufutira.

"Ayi."

Amalume anatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, ngati kuti wayankhula ndi munthu wina.

"Wati chiyani, Cande?" anafunsa a Graciela.

"Ndati ayi, Aphunzitsi. Asadule."

"Silvina!" anaitana amalume. "Tabwera kuno, mwana wako wayamba kuyankhula!"

"Cacho, tsekani pakamwa," anatero amayi, ataimirira kale pa benchi.

Mizere ya m'kope ija inali itathawa monga mwa masiku onse. Ndinangoyamba ndi zimene zinali pafupi.

"Si ulesi. Pamene paja m'pamene ndimapuma. Ndimapuma kanayi. Mwendo uwu," ndinaumenya ndi dzanja, "umafika pa kudumpha komaliza uli wamoyo chifukwa cha palomita. Mwamuchotsa, ndiye umafika utafa. Si paki, si nyama, si matayala, si thukuta la anyamata aja. Ndathamanga milungu isanu, ndadya mpaka diresi likundithina, ndipo ndikugwabe pamalo omwewo."

A Graciela anavula magalasi. "Koma mwanawe, palomita ndi ziro."

"Ndikudziwa. Koma kugwanso amachotsera pointi, Aphunzitsi, munanena nokha. Palomita sapereka kanthu, koma salandanso kanthu. Kudumpha kumodzi kubwerere ku theka loyamba, mapointi ake owonjezera aja atayike, si ochuluka. Kuwiri kutsale kumapeto, ndipo nditera konse."

"Taonani zimenezi," anatero a Graciela, akuyang'ana amayi. "Milungu isanu! Bwanji sunanene?"

"Mumalankhula mwachangu."

Apa ndiye benchi inaphulika. Mayi wina anaomba m'manja pamwamba pa mutu. Mapewa a Graciela anayamba kugwedezeka ndi kuseka. Anapukuta m'maso ndi nsanza ya matayala ija osazindikira, n'kudzipaka zakuda pa tsaya.

"Chabwino," anatero. "Ndakhala chete. Pali zinanso? Nena pang'onopang'ono, ndikudikira."

Ndikanatha kusiyira pomwepo, poti zimene ndinkafuna zinali zitatheka. Koma panali china chimene sindinalembe ngakhale m'kope.

"Zilipo. Ngakhale akanakhala kuti sandithandiza kudumpha, ndikanamufunabe. Mphindi zinayi zonse zija ndimakhala ndikuwerenga, ndikuganiza za phazi, za phewa, za oweruza. Pa palomita pokha m'pamene ndimamva nyimbo. Ndikamadzuka m'mawa kukuzizira kuti ndibwere kuno, sindidzukira mapointi. Ndimadzukira pamene paja. Mundipatse masekondi khumi ndi awiri akhale anga, otsalawo tengani."

Ndinamva makutu akutentha, koma mawu anali asanathe.

"Amalume, chotsani chala pamenepo. Bwezani nyimbo poyambira, ndikuonetseni."