Chikho cha Nyanga cha Bambo

Ndinazindikira m'mawa wa tsiku lachitatu, ndikusinja masamba a mandimu m'kamtondo kuseri kwa nyumba. Ndinanunkhiza munsi, osamva kanthu. Ndinafikisa tsamba lina m'manja n'kuliika pamphuno penipeni. Zii. Ngakhale khola la nkhumba la achimwene anga a Derlis, lija limakulonjera ukadali kumsewu, tsiku limenelo linali ngati alitsuka ndi sopo. Tanthauzo lake ndinkalidziwa, wailesi inali itatigonthetsa nalo m'kutu.

Ndinali nditabwera mozemba. Fakitale yosoka zovala yomwe ndinkagwirako ntchito ku São Paulo, ku Brazil, itatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, anzanga a ku Paraguay anabwerera kudzera pamlatho wa pamalire, pomwe boma linkawatenga n'kukawabindikiritsa m'masukulu milungu iwiri. Ine ndinati izo n'za ogona. Ndinaoloka mtsinje wa Paraná pabwato la msodzi, kenako ndinakwera lole ya chinangwa mpaka kwathu ku Caazapá. Wochenjera ndinali ine.

Bambo anga, a Eulogio, anali asanandiyankhule kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chichokereni ine pakhomo dothi la pamanda a amayi lisanaume. Masiku atatu amenewa ndinkagona m'khitchini ya panja, iwo n'kumandidutsa ngati mtengo wa mpanda. Ndinkangomva chifuwa chawo cha mphumu chikulira mluzu kuseri kwa khoma.

Dzuwa litafika paliwombo tinakhala pansi pa mtengo wa mango kumwa tereré, tiyi wathu wa madzi ozizira, monga mwa masiku onse. Chikho cha nyanga ya ng'ombe chimakhala chimodzi, kapaipi kachitsulo koyamwira n'kamodzinso. Wothira amathira madzi ozizira pamasamba, iwe umayamwa mpaka kapaipi kalire, n'kubweza. Boma linali litalamula kuti aliyense azikhala ndi chikho chake.

"Boma lidzayambe landipatsa ng'ombe ya nyanga zinayi," bambo ankatero.

Ine ndinakhala patali, pachitsa. Chikho chinkandilumpha masiku onsewo, ndipo tsiku limeneli ndinathokoza Mulungu kuti chindilumphanso. Mayi Blásida oyandikana nafe anali atatsamira waya wa mpanda, makutu ali tcheru. Mwezi wathawo anthu anali atagenda nyumba ya kumapeto kwa mudzi chifukwa mwana wa m'nyumbamo wochokera ku Brazil anatsokomola m'sitolo, ndipo amene anayambitsa mphekeserayo tonse tinkamudziwa.

Bambo analanda jagi m'manja mwa a Derlis. Anathira okha, pang'onopang'ono. Kenako anatambasula mkono kuloza kuchitsa.

"Liduvina."

Zaka zonse zija ndinkalota dzina langa likutuluka pakamwa pamenepo, ndiye lizituluka lero? Ndinakwiya, sindikudziwa kuti ndinakwiyira yani. Ndikakana, bambo sadzandithiriranso mpaka kumanda, ndimawadziwa. Ndikamwa n'kubweza, kapaipi kakupita m'kamwa mwa munthu amene kukwera masitepe atatu a tchalitchi amapumira kawiri.

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kubwerera pachitsa. Ndinayamwa mpaka kapaipi kanalira. Kunali ngati ndikumwa madzi a mvula.

Bambo anatambasulanso dzanja. Ine ndinachikumbatira chikhocho pachifuwa.

"Bweza, iwe," anatero a Derlis. "Ku Brazil amamwera kumodzi ndi chikho chomwe?"

"Sindibweza, achimwene."

"Mwana uyu sanasinthe," anatero bambo, nkhope itauma. "Ukam'patsa kanthu amathawa nako."

Anadzuka kuti adzachitenge okha. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda waya.

"Musayandikire, bambo. Imani pomwepo, chonde."

"Ukundilamula pakhomo panga?"

Mayi Blásida anali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Ndinadziwa kuti dzuwa lisanapendeke mudzi wonse ukhala utamva, ndipo miyala ikagwa idzagwa pa malata a bambo.

"Sindikumva fungo chiyambire m'mawa," ndinatero. "Kubindikira kuja sindinapiteko. Ndinakunamizani, ndinadzera pabwato."

Mayi Blásida anaphimba pakamwa ndi epuloni n'kuthamangira m'nyumba mwawo. A Derlis anatukwana chapansipansi. Bambo anaima pomwe anali, chifuwa chikulira, akuyang'ana chikho chija, osati ine.

"Derlis, imbira azaumoyo," anatero. "Uwauze abwere ndi galimoto asanamve kwa anthu ena. Wobwera ndi mwala andipeza pageti."

Galimoto inafika cha m'ma fili koloko. Anthu awiri ovala zoyera thupi lonse anandiuza kuti ndisiye chilichonse chomwe sichili changa. Ndinawerama kuti ndiike chikho pansi.

"Pita nacho," anatero bambo ali pakhonde, mawu akusasa. "Koma ndichifuna. Udzandibwezere wekha m'manja mwangamu, osatuma munthu."