Chizindikiro cha a Tembenuza

Choko chinali chikulirabe pabolodi pamene mwana wawo wamkazi analowa m'galaja. Bambo ake, mphunzitsi wa kemisitiri wopuma ntchito, ankakonzekera phunziro la ana asanu obwereza mayeso. Chimwalirireni mayi, kalasi imeneyi ndiyo inkawadzutsa m'mawa.

Fungo la choko linamukumbutsa labu yakale, ya mipando italiitali ndi mabotolo abulauni, momwe iyenso anali wophunzira wawo asanakhale mphunzitsi. Masiku okoma zedi amenewo. Bambo ankalowa atapinda manja a malaya, mawu ali ngati belu.

"Kutentha sikusamala njira," ankatero. "Kaya makala apsa kamodzin'kamodzi, kaya ayamba apsa theka kenako n'kumalizika, ukawonkhetsa kutentha kotulukako n'kumodzimodzi. Ndiye komwe sungathe kuyeza, umakupeza powerengera. Koma ukatembenuza ikwezhoni, tembenuzanso chizindikiro!"

Dzina loti a Tembenuza linabadwira pamenepo.

Tsopano mwanayo anayang'ana pabolodi n'kungoti kakasi. Ikwezhoni yachiwiri inali yotembenuzidwa, koma mayinasi ili phee pamalo ake akale. Aka kanali kachitatu mwezi womwewu, ndipo mayeso anali pakhomo.

"Bambo, taonaninso mzere wachiwiriwo."

"Watani? Iwe, galu wamkota sakandira pachabe. Ndinayamba izi usanamere mano."

"Mano ndinamera, bambo. Taonani basi."

Bambo anakankhira magalasi m'mwamba n'kuyendetsa chala pamzerewo. Chala chinafika pamayinasi paja n'kuima. Chinaima nthawi yaitali, ndipo mwanayo anamva chisoni chofika m'mafupa.

"Kodi n'koyamba?" bambo anafunsa chapansipansi.

"Ayi. Ndinaziona kawiri m'makope mwa anawo."

"Ndiye unangokhala chete?"

"Ndinkaopa kukulandani kalasi yanu."

"Iwe kuopa kundilanda kalasi, iwo n'kulandidwa mayeso?"

Bambo anatenga choko n'kudula kamzere pamayinasi paja, ikhale pulasi. Kamzereko kanatuluka kowongoka ngati kale. Anapukuta zala pathalauza, n'kukhala pabenchi ya ana, mawondo ali m'mwamba.

"Umaweruka nthawi yanji kusukulu kwako?"

"Fili koloko."

"Anawo amabwera folo. Uyambe n'kukonza makope awowo, ndipo uwauze kuti wolakwa ndine." Anamutambasulira choko chija. "Koma usandithamangitse m'galaja muno, mwanawe. Bolodi ndizifufuta ndine."