Makoswe a m'Khola Lachinayi

Ntchito yanga pa labu ya kafukufuku ija inali yodziwa zinthu n'kukhala chete. Ndinkasakaniza mankhwala oti makoswe amwe, kuwathira m'mabotolo anayi akuda ofanana ndendende, n'kulembapo manambala okha. Zimene zinali m'botolo lililonse tinkazidziwa ine ndi apulofesa basi. Anthu a kwathu atamva kuti pali malo amene amandilemba ntchito yosunga pakamwa, anaseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa ine kulongolola ndinabadwa nako.

Kafukufukuyo anali wa mnzanga amene tinkamutcha Dikirani. Chilichonse chimene ungamufunse, ngakhale zoti kugwa mvula kapena ayi, yankho lake linali lakuti, "Dikirani kaye zotsatira." Ankafufuza za tsamba lina lowawa limene anthu odwala shuga amaliwiritsa n'kumamwa. Ankafuna kudziwa ngati limatsitsadi shuga, komanso ngati siliwononga kanthu m'thupi. Makoswe ake oyera anali m'makola anayi. Ena ankamwa madzi okha, ena mapiritsi a shuga akuchipatala osungunula, ena tsamba lamphamvu kwambiri, ndipo ena tsamba lochepa mphamvu losakaniza ndi mapiritsi aja.

Khola liti likumwa chiti, Dikirani sankayenera kudziwa mpaka atamaliza kuyeza magazi ndi ziwindi zonse. Lamulo limeneli si lamasewera. Munthu akadziwa kuti khoswe uyu wamwa tsamba limene iye amalikhulupirira, maso ake amayamba kuona zimene mtima ukufuna. Ndiye akangodziwa nthawi isanakwane, ntchito yonse imatayidwa. Ya Dikirani inali itamudyera zaka zitatu ndi chibwenzi chimodzi chabwinobwino.

Kutatsala sabata kuti amalize, makoswe a m'khola lachinayi anayamba kufooka. Ubweya unaima, chakudya ankangochinunkhiza, ndipo utuchi wa pansi pawo unathimbirira ndi mkodzo wakuda. Timakutu tawo tofiirira tija tinayamba kuoneka tachikasu.

"Chiwindi ichi," anatero Dikirani m'mawa wa tsiku limenelo, atanyamula khoswe mmodzi. "Awa ndiye a tsamba lamphamvu, n'zoonekeratu. Usayankhe, Wamabotolo. Usandiyang'ane n'komwe, nkhope yakoyo imalankhula yokha."

Ndinayang'ana khoma. A tsamba lamphamvu anali a m'khola lachiwiri, onenepa, akuthamangitsana ngati ana otuluka kusukulu. A m'khola lachinayi ndi amene ankamwa tsamba lochepa mphamvu pamodzi ndi mapiritsi. Zinandidabwitsa ndithu, koma ndinati apulofesa akabwera kuchokera ku msonkhano wawo wakunja ndidzawauza, iwo ndiwo adzadziwe chochita. Pajatu anali makoswe chabe.

Masana tinakhala m'kachipinda kodyera, momwe firiji yake ili ndi chikwangwani choletsa kusungamo magazi. Dikirani ankangotakasa chakudya ndi supuni, osadya.

"Amayi sakupeza bwino," anatero. "Nseru, kusafuna kudya, thupi kuyabwa. Iwo akuti ndi sopo watsopano. Ndiwaperekeza kuchipatala Loweruka, ndikapumako pang'ono."

"Akumwa chiyani?"

"Mapiritsi awo a shuga aja. Ndi katiyi ka tsamba lathuli."

Ndinasiya kudya.

"Tsamba liti?"

"Lomweli. Achimwene anawadzalira kuseri kwa nyumba atamva kuti ndikulifufuza. Ndinaletsa mpaka malovu kuuma, koma amayi ukuwadziwa. Ndiye tinagwirizana kuti azimwa kochepa mphamvu, timasamba tiwiri m'kapu, koma mapiritsi asasiye ngakhale tsiku limodzi. Pamenepo pokha ndiye ndinaumirira."

"Anayamba liti?"

"Papita miyezi ndithu. Bwanji kodi?"

"Aimbire foni pompano. Uwauze asiye tsambalo, ndipo apite kuchipatala lero."

Anaika supuni pansi pang'onopang'ono. "Ukuchita chiyani, iwe?"

"Ndikukuuza ngati mnzako."

"Ayi, ukundiuza ngati munthu wa mabotolo. Zoti tsamba lamphamvu likuwononga chiwindi ndaziona ndekha, sindikufuna wondithandiza. Koma makoswe aja akumwa mlingo woti ungagwetse ng'ombe. Amayi akumwa madzi ongonunkhira masamba. Si zofanana."

"Dikirani, tamvera kaye..."

"Usatsegule pakamwa!" Anaimirira n'kutseka makutu ndi manja onse awiri. "Chonde, mnzanga, kwatsala pang'ono. Ukangonena liwu limodzi ndiyenera kukauza apulofesa kuti ndinadziwa. Kunama sindingathe, ukundidziwa."

Ndinkamudziwadi, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima. Akanakhala munthu wina, ndikanangomunong'oneza, iye n'kunamizira kuti sanamve, moyo n'kupitirira. Koma ameneyu akanakadzineneza yekha ngakhale palibe womuona. Anatuluka akugwedeza mutu, chakudya chake n'kutsala patebulo.

Ndinaimbira apulofesa. Foni yawo inali yozimitsa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinakhala pansi, ndinaimirira, ndinatsuka kapu yomwe inali yoyera kale. Ndinkadziuza kuti munthu si khoswe, kuti mwina ndi sopo yemweyo. Koma Loweruka linali kutali.

Kenako ndinaganiza nzeru ina imene panthawiyo inkaoneka yochenjera. Ndipite ndekha kwa amayi a Dikirani, ndiwatengere kuchipatala, ndiwasiyitse tsambalo mwakachetechete. Dikirani adzamva kuti ndinangodutsako n'kuwapeza akudwala. Amayi apulumuke, kafukufuku apulumukenso. Ndinavula chovala changa choyera, n'kuuza mlonda wa pachipata kuti dzino landivuta.

Minibasi imene ndinakwera inali ndi dalaivala wachifundo kwambiri pa dziko lonse. Ankaimira aliyense, ngakhale munthu amene wangokweza dzanja kuti akande m'mutu. Pamsika tinaima kudikira mayi wina amene ankatsanzikana ndi mnzake. Ndinakalipa, anthu n'kutembenuka kundiyang'ana, kondakitala n'kunena kuti achangu amagula zawo.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa kamsewu ka ngalande m'mbali, ya chipata cha malata chimene umachita kuchinyamula kuti chitseguke. Kuseri ndinaona mtengo uja, utasadzuka bwino, nthambi zam'munsi zitatha kuthyoledwa. Ndinagogoda n'kulowa osadikira.

Amayi anali atagona pa sofa, makatani otseka, wailesi ikulankhula yokha. Patebulo panali fulasiki, kapu, ndi pepala la mapiritsi, zitaikidwa moyandikana mwadongosolo.

"Wamabotolo! Lero ndiye kugwa mvula," anatero akudzuka movutikira. "Mnzako ali kuti? Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi. Mnzanga ali kuntchito. Ndamva kuti simukupeza bwino."

"Aa, n'zazing'ono. Sopo wa masiku ano ndi moto."

Manja awo anali ndi mizere yokandakanda mpaka m'zigongono. Ndinapempha kutsegula katani, ndinagwada patsogolo pawo, n'kuwauza kuti ayang'ane kudenga. Ndinakoka chikope pang'ono ndi chala. M'maso monse munali chikasu, osati chokayikitsa ayi, chikasu chenicheni.

"Mkodzo ukuoneka bwanji, amayi?"

"Mwana iwe, mafunso amenewo amafunsa mlendo?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Ngati tiyi wopanda mkaka. Nanga ana ali bwanji?"

Funso limeneli anali atangondifunsa kumene. Amayi amenewa ndinkawadziwa kuti saiwala ngakhale mtundu wa nsapato imene unavala chaka chatha.

Anatsegula fulasiki n'kuthira m'kapu madzi obiriwira pang'ono. Fungo lake ndinkalidziwa bwino, ndinkaligwira tsiku lililonse. Asanafikitse kukamwa ndinawalanda kapuyo, ena n'kutayikira pa diresi lawo.

"Wayamba liti kulanda akuluakulu kapu m'manja?"

"Pepani, amayi. Musamwenso izi. Tiyeni kuchipatala pompano."

"Mwana wanga wanena Loweruka."

"Izi si za Loweruka. Chiwindi chanu chikuvutika, ndipo tsambali ndi limene likuchititsa."

Nkhope yawo inasintha. "Tsambali akulifufuza ndi iwe kapena mwana wanga? Iye wakhala nalo zaka zonsezi, ndipo anandiuza mmene ndizimwera. Iwe ndimamva kuti umatsuka mabotolo."

"Ndimatsukadi, amayi, koma chonde valani nsapato."

"Sindinyamuka pano. Akanena mwana wanga ndipita, apo ayi undisiye ndigone." Anagonanso, n'kutembenukira kukhoma, dzanja lina lili pa fulasiki yawo.

Ndinapempha, ndinachonderera, ndinawaopseza ndi imfa. Ananditcha mwana wamwano. Kuwanyamula sindikanatha, achimwene aja anali kutali kuntchito, ndipo ngakhale akanabwera akanafunsa zomwezo: mlongo wanga wati bwanji? M'nyumba imeneyo pa nkhani ya tsamba panali munthu mmodzi yekha womvedwa. Nzeru yanga yochenjera ija inathera pomwepo.

Ndinaimbira Dikirani. Anadula. Ndinaimbanso, anadulanso. Ndinatenga foni ya amayi pa mkono wa sofa, n'kuimba ndi imeneyo.

"Amayi?"

"Ndine Wamabotolo."

Ndinkamva makina ozungulitsa magazi akulira kumbuyo kwake.

"Ukutani ndi foni ya amayi?"

"Ndili kwanu. Maso awo ndi achikasu, ndipo ayamba kubwereza mafunso. Akukana kupita kuchipatala mpaka unene iwe."

"Amayi samwa tsamba lamphamvu," anatero, mawu ake ali pansipansi.

"Samwa."

"Ndiye iwe sukanathawa kuntchito masana ano chifukwa cha tsamba lamphamvu."

Makina aja anasiya kulira, ndipo ndinamva akupuma.

"Nena," anatero. "Zatha kale. Nena bwinobwino kuti ndikauze adokotala zoona."

"Khola lachinayi ndi tsamba lochepa mphamvu pamodzi ndi mapiritsi. A tsamba lamphamvu ndi a lachiwiri. Alibe vuto lililonse."

Anatulutsa kamawu kamene sindinamumvepo, ngati munthu amene waponda msomali. Kenako anati, "Apatse foni amayi."

Sindikudziwa zimene anawauza. Ndinangoona amayi akudzuka, akuti, "Chabwino, mwana wanga, usalire, ndikupita," n'kuyamba kufufuza nsapato ndi phazi pansi pa sofa. Ndinathamanga kumsewu kukaimitsa takisi. Fulasiki ndi mapiritsi ndinaziika m'chikwama changa.

Kuchipatala tinamupeza Dikirani atafika kale, ataima pakhomo ndi chovala chake choyera, dzanja limodzi likadali m'golovesi. Sanandiyang'ane. Anagwira nkhope ya amayi ake ndi manja awiri, kuitembenuzira ku dzuwa, n'kukoka chikope monga ndinachitira ine.

Achipatala anawatenga magazi amayi, n'kuwagoneka pa bedi la kuseri kwa katani, botolo la madzi likudontha m'mkono. Amayi sanasiye kucheza. Ankauza namwino kuti uyu ndi mwana wawo wophunzira, amene akupezera dziko mankhwala a shuga, ndipo ndi amene anawaphunzitsa kumwa tsamba osasiya mapiritsi. Namwino anati zikomo, n'kumuyang'ana Dikirani pang'ono. Iye ankangoyang'ana botolo lodontha lija.

Tinadikira pa benchi la pakhonde, pakati pathu pali malo oti n'kukhala anthu awiri. Ndinafuna kupepesa, koma sindinkadziwa kuti ndikupepesa chiyani, kulankhula kapena kuchedwa kulankhula. Ndinamumvera chisoni kwambiri, ndipo ndinali ndidakali wokwiya naye.

Dokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anali mayi wamfupi wa maso otopa, wolankhula mosazungulira. Anati chiwindi chatupa kwambiri, magazi sakuundana mmene ayenera, ndipo amayi agonekedwa. Anafunsa ngati alipo amene akudziwa zimene wodwalayo wakhala akumwa.

Dikirani anaimirira n'kufotokoza zonse. Tsambalo, kawiritsidwe kake, mapiritsi, makola anayi, makoswe onenepa a m'khola lachiwiri ndi ofooka a m'lachinayi. Sanabise kuti malangizo omwera pamodzi anachokera kwa iye. Ankalankhula momveka bwino, ngati mmene akanadzalankhulira pamaso pa omuyesa mayeso. Ine ndinapereka fulasiki ija.

Dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Ndiye pa tsamba limeneli inu mukudziwa zambiri kuposa ine," anatero. "Tandithandizeni apa, chifukwa ndikufuna kudziwa chimene tikulimbana nacho. Makoswe amene anafika pamene afika amayi anupa, mutawasiyitsa kumwa, chiwindi chinabwerera m'malo?"

Dikirani anatembenukira kwa ine koyamba chifikireni pachipatalapo, ngati kuti mwina pali chinanso chimene ndinkamubisira. Ndinapukusa mutu. Ine ndinkangodziwa za m'mabotolo.

"Sindikudziwa, adokotala," anatero. "Sitinawasiyitse. Lero m'mawa ndawamwetsanso ndekha."