Vidiyo ya Maliro a ku Vubwi

Webby anapanga yekha kompyuta yatsopano polumikiza zipangizo zimene anaitanitsa ku Lusaka, kuti azikonzera mavidiyo m'kashopu kake ku Katete. Ntchito yoyamba inali ya maliro a aGabriel a ku Vubwi. Mwana wawo Fackson anali ku Joni ndipo analephera kubwera, choncho amayi ake, aAdelina, anapempha Webby kuti ajambule zonse.

Atabwerako anakopera vidiyoyo mu kompyuta, n'kufufuta kadi ya kamera chifukwa mawa lake ankakajambula ukwati. Tsiku limene anayamba kukonza vidiyo ya maliro, skirini inasanduka yabuluu, makina n'kuzima. Anayatsanso, koma zinali zomwezo.

Poyamba anaganizira magetsi, kenako kutentha, koma mafeni ankazungulira bwinobwino. Ndiye anatsegula bokosi la kompyuta n'kuyang'ana timapuleti tiwiri ta memori, timene zinthu zimadutsamo makina akamagwira ntchito. Anazula kamodzi n'kuyesa kotsalako ndi pulogalamu yoyezera memori. Panalibe vuto. Atasinthanitsa, mizere yofiira yosonyeza vuto inadzaza skirini. Anakasunthira pamalo ena kuti atsimikize, mizere ija inabweranso. Kapuletiko kanabwera kali kowonongeka kale.

Atakachotsa, kompyuta inakhazikika. Koma vidiyo inali itadutsa kale m'memori yoipayo. Nyimbo zapasiwa zinalipo, ulaliki unalipo, koma kuyambira pamene bokosi linanyamuka kupita kumanda, zithunzi zinali zophwanyikaphwanyika. Pa kadi panali patadzaza za ukwati.

Webby sanafune kunena nkhaniyi pafoni. Anakwera galimoto mpaka ku Vubwi, ndipo anapeza aAdelina pakhonde akusenda nshawa.

"Amayi, ndalakwa. Zakumanda zonse zawonongeka, sizingabwererenso."

AAdelina anasiya kusenda, manja ali m'lichero.

"Ndiye kuti Fackson sadzaona pamene tinagoneka atate ake?"

"Sadzaona, amayi."

"Kamera mwabwera nayo?"

"Ili m'chikwama."

AAdelina anakutumula chitenje n'kuyamba kuyenda, Webby akuwatsata. Atafika kumanda anaima pambali pa mtumbira, pomwe nkhata za maluwa zinali zitayamba kufota. Webby anayatsa kamera, ndipo aAdelina anaiyang'ana n'kuyamba kufotokozera mwana wawo amene ananyamula bokosi, amene anatsikira m'dzenje, ndi nyimbo imene anaimba pothira dothi. Nyimboyo anaiyamba okha, n'kuiimba mpaka anaimaliza.