Mizere ya pa Dzungu

Bambo Arsenio ankayang'anira nyumba yogona alendo pamwamba pa phiri la Mulanje. Ntchito yawo inali kutola nkhuni, kusesa ndi kuwiritsira madzi osamba anthu okwera phiri. M'chilimwe alendo ankabwera ndithu, koma mvula ikangoyamba njira zinkaterera, ndipo pankatha masabata osamva mawu a munthu kupatula a pa wailesi.

Akazi awo anamwalira mwana wawo Joice ali ku pulayimale. Mwanayo anakulira kwa azakhali ake pa Boma, ndipo bambo ake ankangomuona akatsika kudzatenga ufa. Atakula anakhala mphunzitsi ku Milonde, kenako anamusamutsira ku Chitipa. Asananyamuke anakwera phiri kudzatsanzika. Kanali koyamba kufika kuntchito kwa bambo ake.

Anakhala pakhonde akumwa tiyi. Anafunsana za moyo, za azakhali, za chimanga cha kumunsi. Posakhalitsa nkhani zinatha, aliyense n'kumangoyang'ana kapu yake.

"Ababa, ndikusiyireni funso lomwe ndimafunsa ana anga a Fomu 2," anatero Joice. "Munthu wayenda kilomita imodzi kulowera kummwera. Wakhota, wayenda kilomita imodzi kulowera kummawa. Wakhotanso, kilomita imodzi kulowera kumpoto. Akupezeka ali pomwe anayambira. Anayambira pati?"

"Ameneyo analedzera."

"Sanaledzere. Malo ake alipo padziko pano. Mukawapeza mundiimbire."

Joice anatsika dzuwa likadali pamutu, kuopa mvula.

Mmawa wake bambo Arsenio anaika mwala pa udzu wa kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuyenda. Anatsata kummwera, anakhotera kotulukira dzuwa, anabwerera kumpoto. Mwala unatsalira kumanzere kwawo. Anayesa pamalo otsetsereka, anayesanso pathanthwe. Paliponse mwala unkawatsalira kumadzulo. Anaganiza kuti mwina mwanayo ankangofuna kuwaseka, koma Joice sanali munthu wa nthabwala zotero.

Mvula inalimbika. Nkhungu inkafika mpaka pakhomo, zovala sizinkauma. Funso lija ankapita nalo kumtsinje, n'kubwera nalo.

Tsiku lina kunabwera Mustafa, bambo wa kumunsi amene ankanyamulira alendo katundu. Anawabweretsera ufa, usipa ndi dzungu lalikulu la m'munda mwake. Madzi anamwa ali chiimire.

"Khalani pang'ono, ndikuphikireni tiyi," anatero bambo Arsenio.

"Mtsinje ukudzaza, akulu. Ndikachedwa ndigona kuno."

Mustafa atapita, bambo Arsenio anatenga mpeni kuti adule dzungu lija. Ali pafupi kulibaya anaona mizere yake. Yonse inkachokera pamwamba, pomwe dzungu linathothokera, n'kutsika motalikirana, n'kukakumananso pa kamchombo ka kunsi. Anakumbukira mphunzitsi wawo wakale, zaka zomwe iwo anali atangofika kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, pothawa nkhondo, atanyamula mpira wachikopa n'kumanena kuti dziko ndi lozungulira chonchi. Nthawi yonseyi iwo ankayenda ngati dziko ndi mphasa.

Anaika mpeni pansi n'kudula kachingwe kotalika ngati chala. Anagwira nsonga yake pamwamba pa dzungu, n'kukatsitsa potsata mzere umodzi. Anakagoneka chopingasa, kudumpha mizere ingapo. Kenako anakakweza potsata mzere womwe kanathera. Nsonga inafika pamwamba pomwe paja. Anabwerezanso mbali ina, zinachitika chimodzimodzi. Tsiku limenelo anadya usipa wokha, dzungu analiika pa tebulo la alendo.

Foni inkagwira pamwala wina wa kumtunda kwa nyumba. Anakwerako mmawa, mphepo ikuwomba.

"Ndawapeza malo aja. Ndi pamwamba penipeni pa dziko, pomwe mizere yonse imakumana. Ukaima pamenepo, kulikonse ungalowere ndi kummwera."

"Mwakhoza, ababa." Mawu a Joice ankamveka pakati pa phokoso la ana. "Koma aliponso malo ena."

"Enanso?"

"Alipo. Belu lalira, ababa, ndili ndi kalasi."

Anatsika pamwalapo akumwetulira okha. Atafika anatembenuza dzungu n'kuyambira pa kamchombo, koma anaona msanga kuti munthu woima pamenepo alibe kummwera koti apite. Anayesa pamimba pa dzungu, sizinatheke. Masiku anapita. Dzungu linayamba kufewa mbali yomwe linkagonera, tintchentche tinayamba kulizungulira.

Masana ena mvula ikugwa, anangokulunga kachingwe kaja mozungulira kamchombo, mosaganiza kanthu, ngati munthu woseweretsa udzu. Nsonga ziwiri zinakumana, kachingwe kanakhala ngati mphete. Anakayang'ana nthawi yaitali. Munthu woyenda kummawa pa mphete imeneyi, akamamaliza kilomita yake amakhala atazungulira n'kufika pomwe analowera. Ndiye kuti akayambira kilomita imodzi kumpoto kwa mpheteyo, atsika ndi mzere umodzi, azungulira, n'kukweranso ndi mzere womwewo. Anatenga khala n'kuika kadontho pamalopo. Kenako anaona kuti mzere uliwonse uli ndi malo ake otero, ndipo anaika timadontho mpaka dzungu lonse linavala mkanda. Anayesanso kamphete kakang'ono, kachingwe n'kuzungulira kawiri. Nakonso kanagwira.

Anaimirira, anayenda mpaka pakhomo, anabwerera. M'nyumbamo munali mabedi opanda anthu basi.

Pamwala paja foni sinagwire tsiku limenelo. Mawa lake inaitana koma sinayankhidwe. Kenako batire inatha, ndipo kasola kawo kotchajira foni sikanaone dzuwa sabata yonseyo. Dzungu linaola, anakalitaya kudzala.

Kumapeto kwa mwezi anatsika. Anatchajitsa foni pa golosale ya m'munsi mwa phiri, n'kukakhala pa benchi kuseri kwake. Linali Loweruka.

"Ndapeza malo ena aja, mwanawe."

"Malo ati, ababa?"

"A funso lako lija."

"Oo, lija." Mawu ake anali ofooka, ngati wangodzuka.

Anamufotokozera zonse mwadongosolo, za mphete, za mkanda, za kamphete kozungulira kawiri. Joice anamvetsera osawadula.

"Ndi zomwezo, ababa. Palibe chatsala."

"Ulibe lina?"

"Ndiganizira." Kenako anati, "Ababa, kuno ana akamacheza m'chinenero chawo sindimva kanthu. Nyumba anandipatsa ili payokha kuseri kwa bwalo la mpira. Chibwerere sindinadyepo ndi munthu."

Bambo Arsenio anayang'ana njinga zomwe zinkadutsa pamsewu.

"Ukudya chiyani kumeneko?"

"Nyemba. Kuno nyemba n'zambiri."

"Zofiira kapena zamawanga?"

Anakambirana za nyemba, za denga la Joice lomwe linkadontha pakona, za mmene angamatire bowo ndi pulasitiki wosungunula. Akufotokoza za misomali, mayunitsi anatha.

Anakhalabe pa benchipo foni ili m'manja, kudikira ngati Joice angawaimbire. Mitambo itayamba kuda pamwamba pa minda ya tiyi, analowa m'golosale, anagula mchere ndi machesi, n'kuyamba kukwera.