Tirigu Wamfupi wa ku Chelstone

Perpetua ankakonda tirigu wonyansa. Ndiyo inali ntchito yake pa munda wa kafukufuku kuseri kwa Chelstone: kuviika mbewu m'mankhwala osokoneza chibadwa, kuzifesa, n'kudikira kuti pakati pa zopunduka zonsezo pabadwe chimodzi chothandiza alimi. Zambiri zinkamera zachikasu, zina zopindika, zina zosabereka n'komwe. Koma chaka chimenecho, nthenda ya chiwawu itagwira masamba m'munda wonse, kamzere kamodzi ka tirigu wamfupi, wa ngala zokhota, kanangoti biriwiri osadwala. Mbewu yake ina kunalibe. Podzuka kwawo ku Kabwata, pemphero lake linali limodzi: ngala zikhwime.

Tsiku lina anathyolako timasamba, n'kukwera minibasi kupita m'tauni kukatitumiza kunja, kumene kuli makina owerenga DNA yonse ya tirigu. Pobwerera masana anapeza munda uli wofanana msinkhu ngati aumeta ndi lumo. Pomwe panali kamzere kaja panali dothi lokha.

A Kampamba, mkulu watsopano wa pamalopo, anali chilili pamthunzi, nkhope ili mwee. Iwo anachokera ku kampani yogulitsa mbewu, kumene chomera chosiyana ndi chinzake n'chitonzo, amachizula asanachifunse dzina.

"Ba Perpetua, shani?" anatero. "Mailo kubwela ma-donor. Munda unali monga mutu wosapesa, so nauza ba Amock, banchito ba mu munda, achose vonse vifupi-vifupi."

Perpetua anathamangira kudzala. Tirigu wake anali pamenepo, wofota, mizu kumwamba. Anafinya ngala imodzi, munatuluka mkaka. Anafinya ina, mkakanso: njere zinali zisanakhwime. Anabwerera kwa a Kampamba pamthunzi paja.

"Mwanipayila nchito yanga, ba Kampamba."

"Ah, muzabyala vina. Tiligu ni tiligu."

Mawa lake alendo opereka ndalama aja anabweradi, najambula munda wokongolawo ali kumsewu, kumene madontho a matenda saoneka.

Zotsatira zochokera kunja zinafika nyengo yokolola itadutsa. Akatswiri anapeza malo enieni amene chibadwa chinasintha, n'kutsimikiza kuti tiriguyo chiwawu sichikanamutha. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma a Kampamba ayi ndithu: anaitanitsa msonkhano ku hotela ya ku Kabulonga, atavala suti yatsopano, n'kumati "tirigu wathu" mpaka anthu kuwomba m'manja. Perpetua anakhala kumbuyo.

Kenaka anaimirira mayi wina wochokera ku bungwe la alimi, amene chiwawu chinawalanda zokolola chaka chomwecho. Anafunsa mwaulemu kuti mbewuyo aipeza liti, chifukwa anthu ake atopa n'kulira.

A Kampamba sanaphethire n'komwe. Analoza kumbuyo kwa chipinda.

"Ba Perpetua ndiye basunga mbeu. Imani, mama, muwauze."

Maso onse anatembenukira kwa iye, ndipo mayi uja anali akumwetulira kale.