Tianapiye Tokana Kukula

Violet anakhala masabata awiri pa chipatala cha Mua kudwazika mwamuna wake, a Feston. Tsiku limene anabwerera ku Mtakataka sanayambe n'kulowa m'nyumba. Anatula chikwama pakhonde n'kulunjika kukhola.

Anali atasiya anapiye a mabuloyila makumi anayi m'manja mwa mlamu wake Lilian, mlongo wa a Feston, amene ankakhala kuseri kwa mpanda. Nkhukuzo zinali ndiwo za ukwati wa Chifuniro, mwana wa Violet, ndipo Violet anali atadziguguda pachifuwa pamaso pa akuchimuna kuti za ndiwo asade nkhawa.

Zambiri zinali zitakula bwino. Koma pakona panaunjikana tianapiye tisanu ndi titatu, tating'ono ngati taswedwa dzana, miyendo yotuwa, nthenga za m'mapiko zitaloza uku ndi uku, kumbuyo kutamatirira zitosi zamadzi. Tinkadya ndithu, mwinanso kuposa zinzake, koma thupi ayi. Anawerenga kawiri. Makumi anayi ndendende.

"Alamu, tating'onoti tachokera kuti?" Violet anamufunsa Lilian atabwera kudzawalonjera.

"Ndi tanu tomwe, alamu. Tangokana kukula. Inenso tandidabwitsa."

"Ooh. Ndamva kuti nanunso mwagula anapiye?"

"Sabata yathayi. Makumi asanu," anayankha Lilian akumwetulira.

Kumwetulirako ndi kumene kunamupsetsa mtima Violet. Anapiye a sabata imodzi kuseri kwa mpanda, ndiye mwake mwapezeka tating'ono ta msinkhu womwewo? Wakuba wochenjera sachepetsa nambala. Amachotsa zonenepa n'kuikapo zowonda, iwe uziwerenga mpaka utope. Masana Lilian anabweretsa mbale ya nkhuku yoti adye wodwala, ndipo Violet anautembenuza mwendowo ngati wapolisi. Inali yachikuda, yolimba kutafuna, koma munthu wokayika satafuna ndi mano. Chikomekome cha mkuyu, anatero mumtima, m'kati muli nyerere.

A Feston atawauza, anangoti, "Lilian? Amene anagona ndi njala kuti ine ndipite kusukulu?" Violet sanapitirize. Magazi amakondera, tonse timadziwa.

Lachisanu m'mawa Lilian anakwera kabaza kupita ku Bwanje kukatenga mankhusu a mpunga oyala m'khola. Violet anadikira mpaka njinga itakhota pamsewu. Analonga tianapiye tija m'katoni, n'kudutsa pakachipata ka mpanda, n'kutikhuthulira pakati pa anapiye a mlamu wake.

"Bwererani kwanu," anatero.

Sanatengeko ngakhale mmodzi. Ankafuna Lilian adziwe kuti waonekera ng'amba, popanda kukangana. Pobwerera anagula loko wa khola lake, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Tsiku limenelo anamva kupepuka.

Koma Lilian sanatchule kanthu. Moni ankapereka ngati kale, ndipo Violet anati ndi manyazi a munthu wogwidwa. Chimene sichinkamveka n'chakuti patapita sabata, m'khola lokiya lija munapezekanso tina tisanu tokana kukula, nthenga zili nyankhalala. Kiyi anali pachitenje pake usana wonse. Anayamba kuyang'ana m'munsi mwa khoma ngati pali pobowola.

Lachiwiri lotsatira anaona njinga yamoto ya a Cosmas, alangizi a ziweto, itaima kwa Lilian. Anapitako ngati wodzabwereka mchere. Theka la anapiye a Lilian linali litafota, zitosi zili ponseponse zokhala ndi chakudya chosagayika. A Cosmas anatumbula kamodzi kakufa n'kuwaonetsa matumbo, opyapyala, otuwa, odzaza madzi.

"Ndi kachilombo ka vayirasi," anatero. "Kamawononga matumbo. Nkhuku imadya koma chakudya chimangodutsa, ndiye imapinimbira. Ya mwezi imaoneka ngati ya sabata. Mankhwala ake palibe, ndipo yopinimbira siidzafikanso pa zinzake. Kamayenda ndi zitosi, ngakhale pansi pa silipasi, ndipo anapiye aang'ono ndi amene kamawapweteka kwambiri. Mwasakaniza ndi zakwina, mayi?"

Violet anabwereza mawuwo mumtima. Ya mwezi imaoneka ngati ya sabata. Za mchere uja anali ataiwala.

"Eya," anayankha Lilian mosabisa. "Ndinagula makumi asanu. Nditachokera ku Bwanje ndinapeza tawonjezekera tisanu ndi titatu."

"Ndiye simunafunse?" anatero a Cosmas.

"Ndinatidziwa. Ndinatidyetsa ndekha masabata awiri." Anatembenukira kwa Violet, nkhope yopanda mkwiyo. "Ndinati alamu atopa ndi matenda a achimwene, andipatsa tofookati kuti ndiwalerere. Ndinkatiika pafupi ndi mbaula, pakati pa anga, kuti tifunde."

A Cosmas anapukusa mutu n'kuyamba kufotokoza zopatula zodwala, kutentha mankhusu akale ndi kutsuka khola lisanalandire ena. Violet sanamve zambiri. Akanakonda Lilian amutukwane pamaso pa mudzi wonse, chifukwa munthu wokutukwana umatha kumuyankha.

Njinga yamoto itachoka, Lilian anagwada n'kuyamba kutola tofota kuika m'dengu.

"Mundikhululukire, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Nditaona zanu zikukana kukula, ndinati makumi anayi sizikwana alendo a Chifuniro. Awa ndinagulira ukwati womwewo. Ndimafuna ndikuuzeni zitakula."

Violet anayandikira. Anagwada pambali pa mlamu wake n'kugwira dengu. M'kati mwake, kamodzi mwa tija anakhuthula yekha kanali kakujomphabe mankhusu, kanjala ngati kale.